Bwanji maiko akuluakulu amangotumiza makomando ochepa, nkhondo nkumamenya eni dziko?

Jere_wa_pa_Boma

Akuluakulu ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mumatsata za usilikali ndi ndale za kunjazi. Masiku ano ukamamvera BBC kapena kuwerenga pa Facebook sikawirikawiri kumva kuti dziko lakuti lanyamula asilikali ake onse kukalowa dziko la eni ngati mmene America inachitira ku Iraq mu 2003, kupatulako za Russia ndi Ukraine zija. Zomwe timangomva nzakuti tatumiza alangizi, tikungophunzitsa asilikali awo, tikungowathandiza zida. Ku Somalia choncho, ku Niger choncho, ku Mali kunali a France kenako kunabwera a Russia, ngakhale apa pa neba pathu ku Cabo Delgado kwadutsa a Wagner (asilikali aganyu aku Russia), a Rwanda, aku America, aku Ulaya, aliyense akuti wabwera kudzathandiza Mozambique.

Nde funso langa lili pawiri. Makomando makumi awiri kaya makumi atatu angasinthe chani pa nkhondo ya dziko lathunthu, mmesa nkhondo imafuna gulu? Komanso chimenechi ndi chithandizo chenicheni kapena ndi njira yongolamulira dziko la anzako iwe osaonekera? Poti nafenso asilikali athu amaphunzitsidwako ndi aku America ndi aku Britain, kodi ndiye kuti tili mu gemu yomweyi osadziwa?

Chonde za MCP ndi DPP zisalowe muno, tapumako lero kkkk.

Aphunzitsi_Bembeke

A Jere, musaone ngati njirayi yayamba dzulo. Tsikirani pa Ntcheu pompa mukafunse akuluakulu mmene Inkosi Gomani Chikuse inafera mu 1896. Azungu omwe anali m'dziko muno nthawi ya Harry Johnston anali owerengeka, okha sakanatha kugonjetsa Angoni kapena mafumu a Chiyao. Omwe amagwira mfuti kutsogolo anali asilikali a chi Sikh ochokera ku India pamodzi ndi akuda anzathu, Atonga, Amakua, kenako Ayao omwe. Mzungu anagwira zinthu zochepa koma zofunika, lamulo, mfuti zikuluzikulu ndi thumba la malipiro. Pofika 1902 anaziika m'dongosolo nkukhala King's African Rifles, ndipo agogo athu anakathera ku Tanganyika, ku Ethiopia, ku Burma, kumenya nkhondo zoti sanaziyambe ndi iwo. Chipilala cha ku Zomba chija ndi cha anthu amenewo.

Chomwe chasintha lero ndi chakuti mbendera ndi yathu, boma ndi lathu, nde mlendo sangabwere nkumalamula poyera. Amadzera mwa mnzake wa m'dzikomo, kaya ndi boma, kaya ndi kagulu ka zigawenga ngati bomalo sakugwirizana nalo.

Chifukwa chachikulu ndi mabokosi a maliro. Pulezidenti wa ku America kapena ku France amaluza chisankho mabokosi okutidwa mbendera akamatsika ndege sabata iliyonse. Iraq ndi Afghanistan zinawaphunzitsa zimenezo, ku Afghanistan kokha asilikali aku America anafa oposa 2,400, pomwe asilikali ndi apolisi aku Afghanistan omwe amamenyera mbali yomweyo anafa oposa 60,000 koma amenewo wovota wa ku Texas sawawerenga. Ku Syria polimbana ndi ISIS anachita kuonetseratu, pansi amamenya anali ma Kurd ndi Aluya a gulu la SDF, America ili ndi ndege kumwamba ndi makomando ochepa pambali pawo. Mzinda wa Raqqa unagwa mu October 2017. A SDF eni ake anadzanena kuti anataya anthu pafupifupi 11,000, aku America omwe anafa pomenyana ku Syria sanafike ngakhale zana limodzi. Kwa munthu wokhala ku Washington imeneyo ndi dilu yotchipa kwabasi, ndalama zochepa, maliro ochepa, ndipo zikavuta amakana kuti ife sitili pa nkhondo, tikungolangiza.

Mwafunsa kuti anthu makumi awiri angasinthe chani. Musawaone ngati ma Rambo okawombera okha. Kagulu ka makomando aku America otchedwa Green Berets kamakhala ka anthu 12, muli wa zachipatala, wa wayilesi, wa zida, wa mabomba ndi zomangamanga, ndipo amaphunzira chilankhulo cha komwe akupita. Mphamvu yawo ndi zomwe zili kumbuyo kwa wayilesi yawoyo. Amaloza pomwe pali mdani ndege nkubwera kudzaponya bomba pompo, amalandira zithunzi za ma drone, amamvetsera mafoni a adani, amabweretsa zipolopolo, mankhwala, helikopita yonyamula ovulala, ndi ndalama zenizeni m'chikwama. Mu 2001 ku Afghanistan aku America omwe anatsika pansi, makomando ndi akazitape a CIA, anali mazana ochepa chabe, ena amayenda pa akavalo ndi anyamata a General Dostum. Omenya anali a Northern Alliance, gulu la eni dziko lomwe limalimbana ndi Taliban. Mazar-i-Sharif inagwa pa 9 November, Kabul masiku anayi otsatira, boma la Taliban lomwe linawakanika anthu amenewa kwa zaka zambiri linatha m'masabata.

Ku America kulinso lamulo lomwe amalitchula kuti 127e, limalola makomando awo kulipira, kuveka ndi kupatsa zida kagulu ka asilikali a dziko lina kuti kazigwira ntchito zomwe America yasankha. Apa sitikunenanso zothandiza dziko kumanga asilikali ake ayi, apa ndi ganyu weniweni, mwini munda ali pa khonde khasu lili m'manja mwa wina. Ndipo zimachitika mwakachetechete moti mu October 2017 pomwe asilikali anayi aku America anaphedwa pamodzi ndi anzawo aku Niger pa mudzi wa Tongo Tongo, maseneta ena aku America anavomera poyera kuti samadziwa nkomwe zoti ali ndi asilikali ochuluka choncho ku Niger. Ngati eni ndalama samadziwa, nanga mlimi wa ku Niger akanadziwa bwanji?

Koma waganyuyu amakhala ndi zake m'mutu, apa ndi pomwe pulani imaphonya kawirikawiri. Iwe ukufuna athamangitse al-Qaeda, iye akufuna athane ndi mtundu womwe analimbirana nawo malo kalekale, nde amakuuza kuti mudzi uwo ndi wa zigawenga iwe nkuponya bomba. Ndipo nayenso amatayidwa nthawi ikakwana. Mu October 2019 Trump anachotsa asilikali ake pa malire a Syria ndi Turkey, patangopita masiku ochepa Turkey inalowa nkuyamba kuswa ma Kurd omwe aja.

Nangozo_Lizulu

Aphunzitsi mwapita kutali ku Syria pomwe ife a m'mbali mwa M1 tinaiona nkhani imeneyi ndi maso. A Jere mwina ndinu achichepere, koma aliyense amene anakulira ku Lizulu, ku Biriwiri, ku Tsangano kapena pa boda pa Dedza zaka za m'ma 1980 akuuzani. Kuno msewu ndiye malire, ukawoloka kukagula tomato mbali inayo uli ku Mozambique. Ndili mwana usiku timamva mfuti kuchokera ku Angonia, mmawa nkumaona anthu akuwoloka atasenza mphasa, mapoto, ena akukoka mbuzi, ana kumbuyo. Ndipo sanali alendo ayi, anali azakhali athu, atsibweni athu, a Maseko anzathu, chilankhulo chimodzi, maliro timayendera limodzi. Ambiri kuno sanakhale m'makampu ngati ku Nsanje, anangomanga m'midzi mwathu momwemu, mafumu nkuwagawira pokhala. Dziko lonse linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni pofika 1992. Mitengo ya m'mapiri athuwa inathera pamenepo, nkhuni ndi milimo, ndipo ufa ndi mafuta za chithandizo zija zinasanduka bizinesi pa misika yonse ya m'mbali mwa msewu, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nde funsani kuti Renamo, gulu lomwe limamenyana ndi boma la Frelimo ku Mozambique, inachokera kuti. Anaiyambitsa ndi akazitape a Rhodesia ya Ian Smith, ofesi yomwe amaitsogolera Ken Flower, Mozambique itangolandira ufulu mu 1975, chifukwa Samora Machel amasunga asilikali a Mugabe komanso anatseka malire. Mtsogoleri woyamba anali André Matsangaissa, nchifukwa chake anthu amangoti Matsanga, anaphedwa mu 1979 ku Gorongosa nkulowa Afonso Dhlakama. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 gulu lonse analipereka m'manja mwa asilikali a South Africa ya tsankho, ngati katundu. Iwo aja amaphunzitsa, amapereka mawayilesi, amaponya zida pa ndege usiku. Mu March 1984 Samora ndi P.W. Botha anasainirana pangano la Nkomati kuti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake, Samora anathamangitsadi a ANC, koma mu 1985 asilikali a Mozambique ndi Zimbabwe atalanda likulu la Renamo ku Gorongosa anapeza zikalata zoonetsa kuti Pretoria sinasiye.

Sindikunena kuti Frelimo inalibe zolakwa, anthu akumudzi ambiri anadana ndi kusamutsidwira m'midzi ya boma ija komanso kunyozedwa kwa mafumu, nchifukwa chake Renamo inapeza anthu. Wakunja samalenga mkwiyo, amaupeza ulipo kale nkuupatsa mfuti. Koma popanda mfuti ndi mawayilesi akunja aja nkhondo sikanatenga zaka 16, sikanapha anthu pafupifupi 1 miliyoni ndi njala yomwe.

Ndipo ife amene sitinali pa nkhondo tinalipira nawo. Njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinadulidwa, katundu wathu nkumazungulira mpaka ku Durban, feteleza ndi mafuta kukwera mtengo. Mathiraki odutsa ku Tete amayenda pa konivoyi moperekezedwa ndi asilikali aku Zimbabwe kuchokera ku Nyamapanda mpaka ku Zobue, madalaivala amatsanzika kunyumba ngati sabwerako. Kamuzu naye anali pakati, ubale ndi South Africa anali nawo kuyambira 1967, ndalama zomangira Lilongwe zina zinachokera komweko, nde anzake amamuloza chala kuti Renamo ikudutsira muno, iye amakana. Mu September 1986 Samora, Mugabe ndi Kaunda anachita kubwera ku Blantyre kudzamuuza maso ndi maso, Samora mpaka anaopseza zoika mizinga m'malire ndi kutseka boda. Mwezi wotsatira, pa 19 October, ndege ya Samora inagwa ku Mbuzini. Chaka cha 1987 asilikali athu anali akulondera njanji ya Nacala, kuiteteza kwa Renamo yomweyo, ndipo ena anafera komweko.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, abale athu anabwerera nkukapeza minda yodzadza mabomba okwirira. Amene anayambitsa zonsezi, Rhodesia inali itatha kalekale, boma la tsankho linatha mu 1994. Gulu lomwe analera lija linatsala ndi mfuti zake, mu 2013 linayambiranso, mu 2016 tinaonanso anthu akuwolokera ku Kapise ku Mwanza. Nde mukamati yotchipa aphunzitsi muzinena kuti yotchipa kwa ndani.

Jere_wa_pa_Boma

Mayi Nangozo zikomo kwambiri, ine ndinabadwa nkhondoyo itatha, za Nkomati ndimangozidziwira m'kalasi. Koma apa mwandisokoneza pang'ono. Za Renamo ndi kuthandiza zigawenga kugwetsa boma, zimenezo nzoipa aliyense akuona. Nanga boma lenileni losankhidwa likapempha lokha kuti bwerani mudzaphunzitse asilikali athu, nzofanana? Muli asilikali muno tiuzeni.

Sajeni_Wopuma

Mwana wanga Jere, sizofanana, ndipo aphunzitsi asatiike tonse m'thumba limodzi la ganyu. Ine yunifomu ndinavala mpaka kupuma, maphunziro a alendo ndinachitako, ku DRC ndinapondako. Zomwe amatiphunzitsa zambiri nzoti msilikali aliyense amazifuna, kumanga bala mnzako asathe magazi, kuyenda ndi mapu usiku, kuzindikira bomba lokwirira pa msewu, kusunga anthu wamba pa nthawi ya nkhondo, kukonza mapulani a gulu lalikulu. Palibe tsiku lomwe mzungu anandilozera munthu kuti kawombere uyo. Ngakhale aku Britain omwe anabwera ku Liwonde ndi ku Nkhotakota amaphunzitsa ma ranger kulondola opha nyama, mmodzi wa iwo, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu ku Liwonde mu 2019. Amenewo simunganene kuti amalamulira dziko.

Koma ndisakunamizeni kuti amachita chifukwa chotikonda. Amafuna kuti kukavuta ku Congo kapena kwina apite ndife osati ana awo, amafuna adziwane ndi ma ofesala achichepere omwe mawa adzakhale ma jenerali, kuti foni ikadzaimbidwa idzayankhidwe ndi munthu woti anadya naye limodzi ku kosi. Zimenezo timazidziwa ndipo ifenso timapindula, nde ndi malonda, aliyense amalowa maso ali otsegula.

Pomwe ine ndimaona ngozi ndi apa. Mlendo akabwera nkusankha kagulu kamodzi, nkukapatsa nsapato zabwino, magalasi oonera usiku, alawansi ya madola, chakudya chosiyana ndi anzawo, pomwe bataliyoni ya pafupi ikudya nyemba zofumbwa. Kagulu kameneko kamayamba kumvera amene akulipira osati likulu lake, ndipo kamadziona kuti ndi kokhako kodziwa ntchito m'dziko lonse. Taonani ku Guinea, Mamady Doumbouya anali mkulu wa makomando, anachokera ku French Foreign Legion, mu September 2021 anagwetsa Alpha Condé pa nthawi yomwe a Green Berets anali m'dzikomo kuphunzitsa anyamata ake omwewo. Ku Mali Amadou Sanogo wa 2012 anaphunzirako ku America, Assimi Goïta nayenso ndi wa makomando. Ku Niger America inamanga bwalo la ma drone ku Agadez la ndalama zoposa madola 100 miliyoni, asilikali analanda boma mu July 2023, pofika September 2024 aku America anali atapakira. Sikuti mlendo amawatuma kulanda boma, koma ukanola kagulu kamodzi m'dziko lomwe nyumba ya malamulo ndi makhothi zili zofooka, wanola amene adzalowe ku nyumba ya boma.

China ndi kudalira. Asilikali aku Afghanistan anaphunzitsidwa kumenya nkhondo ya chi America, yodalira ndege, mafuta ambiri ndi makontirakitala okonza mahelikopita. Makontirakitala atachoka mu 2021 ndege zambiri zinangokhala pansi, anyamata m'makampu akutali opanda zipolopolo opanda chakudya, pa 15 August a Taliban analowa mu Kabul. Anthu amati anali amantha, ine ndimakana, anthu oposa 60,000 omwe atchula aphunzitsi aja sanafe akuthawa. Msilikali amene sakudziwa ngati chakudya chibwera mawa, ndipo akuona mabwana ake akukambirana ndi mdani, sangafere pa chipata.

Za ife a Malawi, mbiri yathu kunjaku ndi yabwino ndipo tinaigula ndi magazi. Mu November 2018 tinataya anyamata 6 kufupi ndi Beni ku DRC polimbana ndi zigawenga za ADF, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, a UN anamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Mu January 2025 tinatayanso atatu pomwe gulu la zigawenga la M23 limalowera ku Goma, aku South Africa anataya 14. Ndipo apa ndi pomwe nkhani ya a Jere ikutikhudza zenizeni, osati ku maphunziro kuja. Akatswiri a UN analemba kuti kumbuyo kwa M23 kunali asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000, ndi zida zoti zigawenga wamba sizingakhale nazo. Rwanda imakana, imati ikungoteteza malire ake kwa zigawenga za FDLR. Nde njira imeneyi si ya azungu okha, Afirika anzathu anaiphunzira bwino lomwe, ndipo ana athu anakumana nayo maso ndi maso.

Ras_Tsangano

Madala ulemu wanu koma nonse mukuzungulira. Vuto ndi azungu akumadzulo basi. France inakhala ku Mali kuyambira 2013 mpaka 2022, asilikali masauzande, ma drone, chilichonse, zigawenga mmalo mochepa zinafalikira mpaka ku Burkina Faso ndi Niger, nde amatani zaka zonsezo? Ibrahim Traoré anawathamangitsa kwawo ku Burkina Faso ndipo achinyamata Africa yonse tikumuombera m'manja. Russia sinalamulireko dziko la mu Africa ngakhale limodzi, ndipo ndi amene anapereka mfuti kwa Frelimo ndi ANC pomwe enawo amagulitsana ndi boma la tsankho. Ukaitana Russia sakufunsa za ma human rights, amabwera nkugwira ntchito. Komanso Rwanda mukuinenayo ndi yomwe inapulumutsa Cabo Delgado, SADC yathuyi inangokadya ma alawansi kkkk. A Sajeni musakwiye.

Aphunzitsi_Bembeke

Ras, za France sindikutsutsa, analephera ndipo anthu aku Bamako anali ndi chifukwa chotopera nawo. Za Soviet Union kuthandiza omenyera ufulu nzoonanso, ngakhale nayonso inali gemu yomwe tikukambayi, iwo kumbuyo kwa boma la MPLA ku Angola pamodzi ndi Cuba, America ndi South Africa kumbuyo kwa zigawenga za Savimbi, nkhondo nkutha mu 2002 Savimbi ataphedwa, patapita zaka zoposa khumi eni mkangano atagwirana kale chanza.

Koma Wagner si Soviet Union ya nthawi ya Samora aise. Ija inali kampani ya Yevgeny Prigozhin, ndipo kampani imafuna malipiro. Ku Central African Republic analowa mu 2018, mpaka kumulondera Pulezidenti Touadéra, malipiro ake ndi migodi ya golide ngati wa Ndassima, dayamondi ndi matabwa. Tangoganizani mtsogoleri amene chitetezo cha thupi lake chili m'manja mwa alendo, angawauze kuti pakirani? Ku Mali mu March 2022 pa mudzi wa Moura, lipoti la UN linati anthu osachepera 500 anaphedwa ndi asilikali a Mali pamodzi ndi azungu omwe anali nawo, ambiri anthu wamba omwe anabwera ku msika. Boma la Mali linakana, linati onse anali zigawenga. Kusafunsa za ufulu wa anthu komwe mukukuyamikirako kumathera pamenepo. Ndipo ntchito mukuti amagwirayo, mu July 2024 ku Tinzaouaten anaphedwa ambirimbiri, ndipo apa pa Cabo Delgado anafika mu 2019 nkuchoka patangotha miyezi yochepa atataya anthu m'tchire lomwe samalidziwa. Prigozhin mwini wake anaukira Moscow mu June 2023, pa 23 August ndege yake inagwa, pano ntchito zambiri zili pansi pa Africa Corps ya unduna wa zachitetezo ku Russia, kutanthauza kuti chigoba cha kampani chija achotsa.

Za Rwanda ku Mozambique mukunena zoona mbali imodzi. Zigawenga zitalowa mu Palma mu March 2021, TotalEnergies nkuimitsa ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, Kagame anatumiza asilikali ndi apolisi 1,000 mu July, pofika August anali atalanda Mocímboa da Praia yomwe inakhala m'manja mwa zigawenga chaka chathunthu. Ntchito anagwira, palibe angakane. Koma onani komwe anayambira, maboma omwe azungulira gasi. Ndipo European Union inawapatsa ma euro 20 miliyoni mu 2022, nkudzawonjezeranso ena 20 miliyoni mu 2024, nthawi yomweyo akatswiri a UN akulemba za M23. Dziko limodzi lomwelo, ku Mozambique ndi waganyu wa Ulaya, ku Congo ndi mwini munda. Nchifukwa chake aku Ulaya amachita chibwibwi akafuna kuidzudzula.

Ras_Tsangano

Malipoti a UN ine sindimawameza onse, amalemba ndi omwewo. Koma chabwino. A Sajeni ndiyankheni ichi chokha, mmesa M23 yomweyi munaigonjetsa mu 2013 ndi Tanzania ndi South Africa, timamva pa wayilesi kuti yatha. Nde inadzuka bwanji mpaka kukutsekerani ku Goma? Asilikali athu anafooka kapena chani?

Sajeni_Wopuma

Sindikwiya mwana wanga, ma alawansi mukunenawo ena anabwera nawo m'bokosi, nde muzisankhako mawu.

Asilikali sanafooke, chinasintha ndi amene anali kumbuyo. M23 italanda Goma koyamba mu November 2012 dziko lonse linakwiya, ndipo m'chaka chomwecho America, Britain, Germany, Netherlands ndi ena anaimitsa kapena kuchedwetsa thandizo lina lopita ku Rwanda, ndipo bajeti ya Rwanda nthawi imeneyo imadalira kwambiri ndalama zakunja. Nde pomwe Force Intervention Brigade imalowa mu 2013, ife, Tanzania ndi South Africa pansi pa UN, tili ndi mizinga komanso mahelikopita a Rooivalk aku South Africa, kutsogolo kuli asilikali a Congo eni ake, M23 inapezeka ili yokha, foni ya kwa bwana sikuyankhidwa. Mu November 2013 inagonja, Sultani Makenga ndi anyamata ake anawolokera ku Uganda, ena ku Rwanda. Sanaphedwe, sanaweruzidwe, ndipo zomwe anagwirizana zoti abwerere kwawo sizinatheke bwinobwino, anangokhala m'makampu kudikira.

Kumapeto kwa 2021 anayambiranso, mu June 2022 analanda Bunagana pa malire ndi Uganda. Ulendo uno maso a dziko anali ku Ukraine kenako ku Gaza, Rwanda inali itakhala yofunika kwa aku Ulaya ku Cabo Delgado monga anenera aphunzitsi, Britain inali pa dilu yotumiza ofuna malo okhala ku Kigali, nde palibe amene anafulumira kutseka mpopi wa ndalama ngati kale. Gulu la SADC lomwe linapita mu December 2023 linalibe mphamvu ya mumlengalenga ngati ya 2013, bwalo la ndege la Goma litagwa njira yolandirira zipolopolo ndi chakudya inatsekeka. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Chakwera, analamula mu February 2025 kuti anyamata akonzekere kubwerera, SADC inathetsa ntchitoyo mu March, ndipo potuluka anayenda pa msewu kudutsa mu Rwanda momwemo kupita ku Tanzania.

A Jere, mukafuna kudziwa kuti mapangano a maphunziro ndi alendowa amawaona ndani, ku nyumba ya malamulo kuli komiti ya zachitetezo, a MP anu aku Dedza akabwera ku msonkhano muwafunse ngati anawerengako ngakhale limodzi.